Mabokosi a Machesi a Malemu a Khutu

Kwa mayi a kunyumba, ana ndi abale onse a malemu,

Bungwe la Amisiri Okonza Mawayilesi Akale ladzidzimuka ndipo lagwidwa ndi chisoni chachikulu pomva za imfa ya mkulu wathu, amene amisiri onse ankawatchula kuti a Khutu, poti ankayamba amvetsera kulira kwa wayilesi asanaimasule.

Kwa zaka makumi anayi, m'kachipinda kawo ka zenera limodzi, malemuwa anadzutsa mawayilesi ndi magalamafoni amene eni ake anali atawataya kale mtima. Luso lawo lalikulu linali pa matiranzisita akale, tizipangizo ta miyendo itatu timene mafakitale anasiya kupanga. Kena kakafufutika nambala, ankakayeza pa mita, n'kukaika m'bokosi la machesi, n'kulembapo ndi pensulo mtundu wake ndi kamene kangalowe m'malo mwake. Mabokosiwo anapitirira mazana asanu ndi awiri. Mmisiri akabwera atathedwa nzeru, ankamuseka kuti, "Achimwene, mwapsereza tingati lero?" kenako n'kumutsegulira bokosi loyenera. Amene sukulu inawathera panjira sankawafunsa za satifiketi, ankangowakokera mpando.

Koma bungweli silingabise mkwiyo wake. Malemuwa asanaikidwe n'komwe, mwini nyumba amene ankawachititsa lendi kachipinda kaja anathyola loko, akuti akukonzera malo wogulitsa mafoni. Anakhuthulira matiranzisita onse mu ndowa imodzi, mabokosi n'kukawatentha kuseri. Mlembi wa bungwe atamufunsa, anayankha mopanda manyazi kuti iye wangosesa zinyalala, ndipo tizitsulo tonse tilipo, palibe kamene kasowa. Tilipodi, koma topanda mayina. Zimene munthu analemba ndi dzanja lake moyo wake wonse zinapsa tiyi asanawire.

Mayi, bungwe lamva kuti wogula zitsulo zakutha wabwera kale kawiri kudzafunsa ndowayo, imene tsopano ili kwanu, ndipo likupempha modzichepetsa kuti musamupatse. Mamembala agwirizana kuti Loweruka lililonse azidzakhala pakhonde panu, aliyense ndi mita yake ndi pensulo, kuyeza kamodzikamodzi mpaka ndowayo ithe. Adzachedwa, ndipo pena adzalakwitsa, poti wowawongolera wapita.

M'malo mwa mamembala onse, landirani chipepeso chochokera pansi pa mtima. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku owawa ano, ndipo mzimu wa bambo wathu uuse mumtendere. Wazitsulo uja akabweranso, mumuuze kuti eni ake a katunduyo akubwera Loweruka.

Mlembi, m'malo mwa Bungwe