Fosholo ya a Ken

Lachiwiri, 4 Malichi

A Ken atisiya. Akazi awo, a Daphne, andiimbira ndili m'tramu, ulendo wa kuntchito ku Salford. Mpaka kupitirira potsikira.

Zaka zitatu zapitazo ndinkangoima pampanda wa paki kuno ku Bolton, kuonerera madoda a imvi atakhala pa tisitima tolekeza m'mawondo. Kuseka chamumtima: akuluakulu ndi zidole. Mmodzi anandikodola, n'kundipatsa kachitini ka oyilo. "Manja uli nawo, waimiranji?" Ndiwo a Ken. Kuyambira tsiku limenelo, Lachitatu madzulo ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ine ndi kukalabu yawo ya tisitima.

Chakudya chakana kulowa.

Lachitatu, 12 Malichi

Kukalabu. Shedi yozizira, fungo la oyilo ndi malasha. Makina a a Ken osemera zitsulo avundikiridwa nsalu, palibe wawakhudza. Ntchito sinagwirike. Tiyi ndi mbiri basi.

Akuti kalabuyi anaiyamba ndi amuna a m'mafakitale a thonje, nkhondo itangotha. Njanji yoyamba, zitsulo zotola kudzala la fakitale. Mafakitale anatsekedwa kalekale, kanjanji ka m'paki kalipobe. Chaka china madzi osefukira, chaka china akuba, iwo n'kumangokonza. A Ken injini yawo yobiriwira anaimanga okha m'galaja, bawuti ndi bawuti, zaka zoposa khumi. A Daphne amaitcha mkazi mnzawo.

Kenako a Ryan, apampando, anatchula mwambo wa pano. Membala akamwalira, thupi likawotchedwa, amatapako phulusa n'kulithira pamoto wa injini yake, sitima n'kuzungulira njanji yonse. Ndimayesa nthabwala zawo zija. Palibe anaseka.

Lachisanu, 21 Malichi

Maliro. Nyimbo ziwiri, mawu pang'ono, katani n'kutseka bokosi. Zatha. Wolira mokweza palibe. Kenako masangweji.

A Daphne anandikokera pambali. Akuti a Ken ali m'chipatala anasiya mawu: woyendetsa injini ndi wothira phulusa akhale ine, Yotamu. "Enawa manja amanjenjemera, andimwaza mu udzu." Pondiuza anaseka, misozi ili m'masaya.

Ndayankha kuti ndiganize kaye.

Loweruka, 22 Malichi

Ndamuuza mkazi wanga Modester akusita. Anaimika simbi.

"A bambo a Thoko, munthu si malasha. Inu a dikoni athunthu mukanyamule munthu pa fosholo? Kumudzi akamva?"

Sakunama. Iye ntchito yake ndi yosamalira okalamba, ambiri wawatseka maso ndi manja akewo, imfa amaipatsa ulemu kuposa ine. Kwathu munthu timamuika pansi, malo ake timawadziwa, chaka chikatha timakalambula. Uyu angopita m'mwamba ngati utsi wa zinyalala? Ndikuopa. Sindikudziwa ngati ndikuopa Mulungu kapena pakamwa pa anthu.

Koma ndikakana, ndikakana kwa ndani? Mwini wake sangandimvenso.

Lachitatu, 26 Malichi

Sindinapite kukalabu. Koyamba. Ndangokhala m'galimoto panja pa nyumba, mvula ikuwaza.

Abambo anamwalira chaka cha mliri chija, ndege zitaima. Maliro ndinaonera pafoni, m'khitchini momwemu, netiweki ikudukaduka. Itafika nthawi yothira dothi chithunzi chinangouma. Pobwerera, manda atakwiriridwa kale. Achimwene ndiwo anaponya dothi m'malo mwanga. Mpaka lero dzanja langa lamanja limaona ngati lili ndi ntchito yomwe silinamalize.

Nkhaniyi kuno ndinauzapo munthu mmodzi yekha. Tinkapala mawilo, iwo uko ine uku. A Ken anangondipatsira tupa ina yosalala. Ndinkayesa sanamve, paja khutu lina linali logontha.

A Ryan manja awo sanjenjemera ngakhale pang'ono. Ndawaona akulowetsa kabawuti kochepa ngati njere ya mpunga. A Ken ananama dala.

Lachitatu, 2 Epulo

Ndapita. Kuyesa thanki ya nthunzi ya injini ya a Ken, poti lamulo la kalabu silisintha ngakhale mwini wake atagona: kupopera madzi, kuyang'ana muvi wa geji ngati ukutsika. Sunatsike. Kutsuka mapaipi a utsi, kupukuta mkuwa, kusesa masamba panjanji. Lamulungu ndi tsiku loyamba kukweza ana chaka chino. Za a Ken tichita geti lisanatsegulidwe.

Ndawauza a Ryan kuti ndavomera. Anangogwedeza mutu, n'kundithirira tiyi.

Kunyumba ndamuuzanso Modester.

Loweruka, 5 Epulo

Ndapeza malaya oyera a kutchalitchi atasitidwa, atapachikidwa pamwamba pa ovolosi yanga.

"Ngati mukupita kumaliro, pitani ngati munthu wopita kumaliro."

Ndati ada ndi mwaye. Akuti ade.

Lamulungu, 6 Epulo

Kunja kwangwee, kamphepo. Mamembala onse ndandanda m'mbali mwa njanji, zipewa m'manja. Moto ndinakoleza ndekha monga anandiphunzitsira, makala oviika m'parafini kaye, malasha pambuyo. A Daphne anakhala pabogi kumbuyo kwanga, kachitini ka fodya ka amuna awo, momwe munali phulusa lija, kali pamiyendo.

Fosholo ya a Ken ngati supuni ya tiyi ya chigwiriro chachitali, yothetheka pomwe chala chawo chinkagwira. Phulusa lotuwa, lolemera ngati mchenga. Sindimayembekeza kuti lingalemere.

Tinanyamuka. Pa kamtunda ka kumitengo, pomwe a Ken ankakonda kukuwa kuti "ipatse chakudya", ndinatsegula kachitseko ka moto. Dzanja silinanjenjemere. Ndinathira. Pakamwa panangotuluka Chichewa: "Pitani bwino, bambo." Sindikudziwa ndimauza ati. Mwina onse.

Utsi unayera pang'ono, n'kudutsa pamwamba pa mitengo kulowera kumadenga a nyumba. A Daphne anandigwira phewa. Ndinaliza wezulo mpaka pasiteshoni, ndikulira ngati mwana, osabisa.

Pampanda, pomwe ndinkaima ine kale, panali Modester. Chitenje atamanga pamwamba pa jekete, mpango kumutu, monga amachitira amayi kumaliro kwathu. Sanalowe. Koma anabwera.

Geti litatsegulidwa ana anakhamukira, Thoko wathu patsogolo. Ndawazungulitsa mpaka madzulo pamoto womwewo.

Kunyumba ndavula malaya. Timadontho totuwa ndi takuda pamapewa, pakolala, m'thumba momwe. Modester anawatenga, n'kutsegula chitseko cha makina ochapira, n'kuima. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndichape?"

Wawapinda bwinobwino, wawaika pampando wa kuchipinda. Alipobe pomwepo.