Chala cha abambo ku prova de vida

Okondedwa achemwali,

Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi, paja sukulu ndinalekezera terceira, kalasi yachitatu. Muli bwanji ku Ntcheuko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tili bwino, amayi chifuwa chija chinatha.

Lolemba ndinaperekeza abambo ku Furancungo ku prova de vida, kuja amakaonekera chaka chilichonse kuti akadali moyo, kuopa kuti reforma yawo, penshoni ya uphunzitsi ija, ingaimitsidwe. Titafika, makina odindapo zala anakana chala chawo chachikulu, poti khasu linafufuta mizere yonse. Anayesa chachiwiri, chachitatu, osatheka. Ine ndinayamba kuganiza kuti reforma ikaima chaka chino tidzala opanda adubu, feteleza uja.

Abambo ankangoseka. Anauza mtsikana wa pamakinayo kuti, "Mwanawe, ngati ndinafa undiuziretu, ndisavutike kukakumba kachewere mawa." Mtsikanayo anaseka mpaka misozi. Pomaliza kachala kakang'ono ka kumanzere kanavomera! Abambo akuti kanawapulumutsa chifukwa ndi kaulesi, sikagwira khasu.

Koma mtsikanayo anatiuzanso kuti amayi sanalembedwe ngati beneficiária, amene angamalandire ndalamayo abambo akadzatisiya. Pakufunika kalata ya ukwati, ndipo mukukumbukira kuti ukwati wawo anadalitsira ku tchalitchi cha kwanuko nthawi yothawa nkhondo. Chonde mukafunse abusa ngati buku lakale la maukwati lija lilipo, musazengereze. Mulungu akusungeni nonse.

Abambo akuti ndimadandaula msanga. Koma kalatayo tilibe, ndipo dzina la amayi mpaka lero silinalembedwe.

Ine mng'ono wanu,
Lusiya