Kanyimbo ka m'gemu pa chinkhoswe

Loweruka. Mwera waomba tsiku lonse, mabwato sanalowe m'madzi.

Pa chinkhoswe cha mlongo wanga ndinaika kaseti yomwe ndinajambula ndekha. Ndi kanyimbo ka m'gemu ya pa TV yomwe ndinasewerapo kuboma. Ndinakaimba pa kiyibodi ya kwaya n'kuthiramo ng'oma za chimtali. Amayi anavina mpaka fumbi koboo.

Kenako a Banda, mkulu wa mpingo, anandiitanira pambali. Ndinkayesa andikalipira, poti kiyibodiyo ndinaitenga osapempha.

"Mwana wanga, m'maphwando a masiku ano nyimbo zaulemu zikusowa. Iyi uiike mawu, mawa tiimbe m'tchalitchi."

Ndinangovomera. Sindinawauze kuti m'gemumo imalira kamunthu kakamaponda akamba.

Mpaka pano ndalemba "Aleluya" yekha. Chondiopsa n'chakuti Aleluyayo akukwanamo bwinobwino m'nyimbomo...