Fosholo ya Bambo

Darrell mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Vancouver kuko, pamodzi ndi mlamu wanga Shauna ndi ana. Kuno ku Yorkton tilipo, kungoti kuzizira kwanyanya.

Nkhani ndi ya Bambo. Utabwera pa Khirisimasi unawapeza pakhomo pa nyumba ya okalamba ija akuchotsa sinowo, chipale chofewa chija, ndi fosholo. Sunandifunse kanthu. Unangobwerera kwanu n'kuimbira foni Mayi Pruden, oyang'anira nyumbayo, kuti banja lathu silikukhutira, ati akugwiritsa ntchito nkhalamba ngati waganyu.

Banja lake liti, iwe? Ine amene ndimapitako Lamlungu lililonse ndinali wokhutira.

Fosholoyo Bambo anaipempha okha. Munthu walima tirigu moyo wake wonse, ukuganiza angamangokhala pampando n'kumasewera bingo? Ankalawirira kulambula kanjira ka pakhomo, kenako n'kulowa kukadya phala ali ndi njala yeniyeni. Namwino wawo Jocelyn ankawaveka magolovesi n'kumawayang'anira pawindo.

Mayi Pruden andiuza kuti dandaulo la wachibale sangalinyalanyaze, ndipo angalichotse ndi mwiniwake yekha. Fosholo anaitsekera mosungira katundu.

Pano Bambo amangokhala pawindo, kumang'ung'udza kuti anthu ochotsa sinowo ndi makina akusiya madzi oundana pamasitepe. Chakudya akungochitokosa. Jocelyn waboola kale bowo lina pa lamba wawo.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Bambo akuganiza kuti amene anawaneneza ndi Bambo Hrynuik a chipinda choyandikana nawo, mnzawo yekhayo wosewera naye makadi. Anawatcha kazitape pamaso pa anthu m'chipinda chodyera, ndipo sakulankhulana mpaka lero. Mkuluyo anandigwira mkono m'khonde n'kundifunsa chimene analakwa. Ndinasowa pogwira ndi manyazi.

Ndikudziwa unaopa kuti angagwe. Nanenso ndimaopa. Koma chonde, imbira Mayi Pruden sabata ino uchotse dandaulolo, ukatero uwaimbire Bambo uwauze wekha kuti unadandaula ndiwe. Dzulo anandiuza kuti mwana wawo Darrell akanakhala pafupi, sakanalola kuti anthu awachite chipongwe chotere. Ine ndinangoti inde.

Lamlungu likubwerali akanenanso, inde ameneyo sinditha kumubwereza.

Undiperekere moni kwa Shauna ndi ana. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Marlene