Jekete la Abambo Ndinalidula

Silver Spring, Maryland
21 Julayi 1996

Okondedwa achemwali anga a Christobel,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Chilomoni. Ife kuno tilipo, kungoti kutentha kwa chaka chino kwanyanya, munthu ukatsika basi malaya amakhala atamatirira pamsana. Tamara wakula mpaka wandipitirira msinkhu. Chichewa amamva chonse, koma poyankha ndi Chingerezi chokhachokha.

Kalata yanu inandipeza pa 10 mwezi uno. Ndakondwa kuti chiliza cha abambo chatha ndipo mwambo mwauika mu Okutobala. Mwapempha kuti nditumize jekete lawo lakuda lija kuti achimwene a Mussa adzavale patsikulo. Achemwali, kalata ino ndaiyamba kanayi n'kumang'amba. Jeketelo kulibe. Silinabedwe ndipo silinapse. Ndinalidula ndekha ndi sizasi.

Ndikufotokozereni bwinobwino, kenako mundiweruze.

Mukudziwa kuti ndimasamalira gogo wina wachizungu ku College Park, mayi Nellie, a zaka 84. Mu Meyi anandituma kuchipinda chapansi kukatenga katoni ya zovala za malemu amuna awo, a Jasper. Anati akufuna mbendera ya dziko lawo yopachika pakhoma, tsiku lawo la ufulu lisanafike. Manja awo amanjenjemera, ndiye wosoka ndinali ine, iwo akungondilozera. Mizere tinadula ku malaya ofiira ndi oyera, pakona tinaika nsalu ya buluku labuluu, nyenyezi zinali mabatani. Tinaikhomera pa felemu ya windo lakale lomwe linangokhala pansipo likudya fumbi. Nditawafunsa chifukwa chake sanangogula ya m'sitolo poti n'zotchipa, anati, "Za m'sitolo sizinavalidwepo ndi munthu, Emelda."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba. Sabata yomweyo Tamara anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti ajambule mbendera ya dziko la makolo ake, ndipo anandifunsa kuti kodi ya Malawi ili ndi mitundu yanji. Mwana wanga wobadwira ku Blantyre, mdzukulu wa abambo, osadziwa. Ndinamuuza, koma mtima unandiwawa tsiku lonse.

Jekete lija linali m'sutukesi zaka zisanu ndi zinayi, chindipatsireni abambo pa tsiku lomwe ndinkanyamuka. Njenjete zinali zitayamba kale kudya mkono wina. Inu mukukumbukira kuposa ine kuti ndi lomwe anavala m'mawa umene apolisi anadzawatenga kusukulu akuphunzitsa, ndipo ndi lomwenso anabwera nalo patatha zaka zisanu, likuwakhuthuka m'mapewa. Mukukumbukiranso kuti ngakhale atatuluka m'ndende, pa 6 Julayi paliponse ankamata kambendera kapepala pachitseko. Amayi akakalipa, iwo ankati, "Ananditsekera ndi anthu, mbenderayi sinandilakwire." Ndiye ndinaganiza kuti kusiyana n'kuti liwolere m'sutukesi, bola likhale pakhoma pomwe mdzukulu wawo aziliona tsiku ndi tsiku. Ndinayenera kukufunsani kaye. Sindinatero.

Chakuda chapamwamba ndinadula kumsana kwa jeketelo. Chofiira chapakati ndi nsalu yakale yapatebulo yomwe mayi Nellie anandipatsa. Chobiriwira ndi katani yomwe ndinaipeza pa kaunjika ku Columbia Heights. Dzuwa ndinalipanga ndi taye yofiira ya abambo yomwe inali m'thumba la jeketelo, ndipo malawi ake onse 31 ndinadula limodzilimodzi, zala mpaka kutupa. Thumba lamkati, pomwe amayi anasokerapo dzina la abambo ndi ulusi woyera, ndinalisokerera kuseri kwa mbenderayo. Mayi Nellie anandipatsa windo lachiwiri, ndinalipala n'kulipaka penti. Zonse zinanditengera milungu itatu.

Tsiku lomwe ndinaipachika pabalaza, Tamara anaima n'kumaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinamufotokozera za agogo ake, zonse, ngakhale zija sitinkazitchula pakhomo. Atamvetsera anandifunsa m'Chichewa, mokakamira lilime, "Kumeneko ankadya chiyani?" Achemwali, tsiku limenelo ndinadziona kuti ndachita bwino.

Tsono kutchalitchi kwathu kuli mayi wina, a Lorraine. Amuna awo amagwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington, ndipo iwo ndi amene amatsogolera zokonzekera chikondwerero cha 6 Julayi cha Amalawi akuno. Anabwera kunyumba kudzandipempha kuti ndikazinge mandasi, ndiye anaiona mbenderayo.

"A Emelda, mwasoka nokha imeneyi? Mutibwerekeko Loweruka, tikaipachike kutsogolo."

Ndinawauza kuti ndi zovala za malemu abambo anga. Anagwedeza mutu akuyang'ana wotchi, nati aisamala ngati yawo. Ndisabise, ndinanyada. Ndinafuna kuti anthu amasuti aja aone kuti ifenso osambitsa nkhalamba tili ndi manja.

Chikondwerero chinali masana ku paki. Ine ndinali pantchito mpaka 3 koloko, choncho ndinafika mochedwa nditavala yunifolomu, ndili ndi Tamara. Tinapeza anthu akuomba m'manja. Kutsogolo kunaima mzungu wina wamtali, bwana wa amuna a a Lorraine, yemwe anali mlendo wolemekezeka, atanyamula mbendera yanga. A Lorraine anali pa maikolofoni akunena m'Chingerezi kuti imeneyi yasokedwa ndi amayi osauka a kumudzi kwathu, ndipo ndi mphatso yochokera kwa Amalawi tonse.

Tamara anandigwedeza mkono, akundiuza kuti ndilankhule. Ndinayang'ana anthu aja, madokotala, maprofesa, akazi awo ovala zagolide, ine ndili ndi nsapato zantchito. Ndinangoima mpaka mzungu uja anaiika mbenderayo m'galimoto mwake n'kutseka buti.

Anthu atayamba kudya ndinawakokera a Lorraine pambali.

"Mayi, mbendera ija ndinakubwerekani, sindinakupatseni."

"Pepani a Emelda, tinaiwala kugula mphatso ndiye zinangochitika mwadzidzidzi. Mungosoka ina. Si nsalu zakaunjika zomwe?"

"Ndi jekete la abambo anga. Ndinakuuzani."

"Ayi ndamva, koma chinthu tapereka kale pagulu tingakachiitanitse bwanji? Mukufuna amuna anga achite manyazi kuntchito?"

Anandisisita paphewa n'kupita kukagawa mandasi anga omwe.

Patatha masiku anayi ndi pomwe kalata yanu inafika. Nditaiwerenga ndinati ayi, ndipita ndekha kwa mzunguyo, mwina ndi munthu womva. Lolemba ndinapempha mnzanga kuti andigwirire shifiti, ndinakwera sitima ya Metro mpaka m'tauni, ndipo nyumba ya bankiyo ndinaipeza. Mawu onse ndinali nditawakonza m'sitima. Pakhomo panali mlonda, munthu waulemu ndithu, yemwe anandipempha chitupa chokhala ndi chithunzi kuti alembe dzina langa m'buku la alendo.

Apa ndi pomwe pali nkhani ina yomwe ndakhala ndikukubisirani. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anatha mu 1991. Chitupa chomwe ndili nacho ndi pasipoti yokha, ndipo aliyense woitsegula angaone. Mwina mlondayo sakanasamala n'komwe, sindikudziwa. Koma ndinaganiza za Tamara akubwera kusukulu n'kupeza m'nyumba mulibe munthu. Ndinati ndaiwala chikwama, ndinatembenuka n'kutuluka.

Ndiye mwadziwa tsopano chifukwa chake sindinabwere pamaliro a abambo mu 1993. Ndinakulemberani kuti kuntchito andikaniza. Linali bodza. Ndikatuluka m'dziko muno sindingalowenso. Zaka zitatu zonsezi mwakhala mukuganiza kuti ndinasankha ntchito kusiya bambo wondibereka, ndipo ine ndinalola kuti muziganiza choncho poopa manyazi.

Lachinayi lapitali ndinapitanso pa kaunjika paja. Ndinapeza jekete lakuda lofanana kwambiri ndi la abambo, ndipo ndinadziuza kuti achimwene a Mussa sangazindikire. Ndinafika nalo mpaka pakauntala, kenako ndinakalibweza pomwe ndinalitenga. Mabodza akwana.

A Lorraine ndinakumana nawo lero kutchalitchi. Anandipatsa moni wansangala, nandiuza kuti bwana uja waipachika mu ofesi mwake ndipo alendo onse amaiyamikira. Anafunsanso ngati ndingasoke zina zisanu za Khirisimasi. Tamara sanapite nawo kutchalitchi. Akuti sakufuna kuona anthu amenewo, ndipo ndikuona kuti ine ndili m'gulu lomwelo, chifukwa chichokereni ku paki kuja amangondiyankha mawu amodziamodzi.

Zomwe zatsala pa jekete la abambo ndi kolala, mikono iwiri ndi mabatani anayi. A Mulenga a kutchalitchi kuno akupita ku Lusaka mwezi wamawa ndipo adzadutsira ku Blantyre, ndiye ndidzawapatsira. Muone nokha chochita nazo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Azakhali a ku Ndirande muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndidzatumiza limodzi ndi a Mulenga omwewo. Achimwene a Mussa musawauze kanthu, ndiwalembera ndekha, akalipire ine osati inu. Mu Okutobala sindidzakhalapo, ndipo anthu akadzafunsa musadzanditetezenso ndi nkhani ya ntchito, mudzangoti sanathe kubwera. Koma abusa akamadzatchula mayina a ana a malemu pamandapo, chonde achemwali, langa lisadzadumphidwe.

Ndine mng'ono wanu,
Emelda