Malata Anu Tinawazula

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno kwacha ndi nkhungu, phiri silikuoneka. Belu la kutchalitchi cha ku Fonte Boa lamveka ngati lili kutali kuposa masiku onse, ndipo m'nyumba muno madzi akudonthera m'beseni. Za madonthowo ndinena, koma ndiyambe ndi zina. Akazi a amalume Jelasi achira, ndi mwana wamwamuna. Kachewere sanachite bwino chifukwa sindinathire feteleza. Kusikola ndikupitabe, mayeso ali pafupi. Mlongo wanga Rozita akadali ku Domwe kwa atiya Malita, azakhali athu aja, kumene anamutengera maliro anu atatha, poti kuno ndinalibe chomudyetsa.

Mwezi wathawu kunamveka zoti kubwera anthu odzalemba mabanja ovutika kuti azilandira thandizo la boma. Ndinaganiza chinthu chimodzi basi: tikalembedwa, ndikatenga Rozita.

Sabata yomweyo pawailesi panali akatswiri awiri a zachuma. Wina ankati thandizo lizipita kwa ana onse osasankha, chifukwa posankhapo ndi pamene osauka enieni amatsalira. Mnzakeyo ankati thumba la boma ndi laling'ono, bola kusankha ovutikitsitsa, ndipo wovutika amaoneka ndi nyumba yake, makamaka denga. Ankatsutsana mwaulemu, uku akuthokozana. Ine ndinaona ngati onse akunena zoona. Koma palibe amene anafunsa ngati munthu wogula dengalo akadali moyo.

Amalume anamva nawo. Anati, “Mphwanga, malata sadyedwa. Theka la mudzi lazula kale, iwe ufuna utsale bwana wekha?”

Tinawazula, Amayi. Malata aja munagula ndi kachewere wa zaka zitatu, mukukankha njinga mpaka kumalire. Paja munkati, “Ana anga asadzagonenso ndi mabeseni.” Tinakawabisa kudimba, pansi pa mapesi, n'kufolera udzu mothamanga.

Olemba aja anachedwa masabata atatu, koma mvula sinachedwe. Nyemba zambewu zinanyowa, zina zamerera m'thumba momwemo. Mabuku ndimawaika mumphika waukulu uja n'kuvundikira.

Tsiku lake kunabwera mayi wina wooneka wotopa, foni ili m'manja. Anayang'ana kudenga, anaona mabowo a misomali pamitengo, kenako anayang'ana ine. Anangofunsa kuti muno mumagona ana aang'ono angati. Ndinati ndili ndi mlongo wa zaka zisanu ndi chimodzi, koma ali ku Domwe. Anati amalemba mwana amene amagona m'nyumbamo, ine ndiye ndakula. Rozita akabwera lisita ya mayina isanatsekedwe Lachisanu, ndikauze asekeletaliyo, alembi a mudzi aja.

Dzulo ndinabwereka njinga n'kupita ku Domwe kukamutenga. Atiya anandilandira bwino, anandiwotchera chimanga. Kenako anati, “Fabiyao, usandione ngati mfiti. Rozita analembedwa kale pano ngati mwana wamasiye wa pakhomo pathu. Akachoka, dzina lathu lichoka naye.” Ali ndi ana anayi awoawo, Amayi, ndipo wamng'ono uja akudwaladwala. Ndinafuna kukwiya, koma mphamvu zake ndinalibe. Ndinangokumbukira akatswiri aja. Zikanakhala za woyamba uja, Rozita akanagona kumene akufuna. Mwina thumbalo ndi laling'onodi, sindidziwa. Ine ndatopa ndi kumvetsa aliyense.

Rozita wagulula dzino lakutsogolo. Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundifunsa ngati mvula ikuimbabe padenga pathu monga kale, poti kwa atiya ndi udzu, siimveka. Ndinati inde, ikuimba.

Madzulo ndinabwerera ndekha, pakaliyala popanda munthu. Rozita watsala ku Domwe. Abambo, chipitireni ku Joni, sanabwerebe. Amene abwerera pakhomo ndi malata anu okha: amalume awatuta kudimba, awiri apindika, limodzi layamba dzimbiri.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo pepani. Loweruka ndiwakhomanso onse, ngakhale opindikawo, kuti tsiku limene Rozita adzabwere asadzapeze kuti ndinamunamiza.

Ndine mwana wanu,
Fabiyao