Khadi Lanu la Maluwa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife tilipo.

Khadi lanu la maluwa linafika Lolemba kuchipatala. Anesi anatimasulira: akuti m'chilankhulo cha kumeneko muli mawu atatu opepesera, ndipo inu munalemba onse. Ulemu mwauphunziradi! Ife otsalirafe pepani wathu ndi mmodzi yekha, timanena titakhala m'mphepete mwa bedi, beseni lili m'manja.

Khadilo silinapite pachabe, ndinkawakupizira nalo amayi kutatentha. Lachitatu anatitchula tonse mayina, ngakhale galu wathu uja. Dzina lanu ndinalidikira mpaka anesi anatseka makatani.

Mankhwala munalonjeza aja musavutike nawo. Pabedi paja pagona ena.

Zikomo katatu,
Mlongo wanu